Galimoto ya Bambo Ikubereka Oyilo

Lachiwiri, 9 Julayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikudziwa kuti mwadzidzimuka poona kalata yolembedwa ndi dzanja langali. Khalani pansi, imwani madzi. Ndine ndemwe, mlongo wanu Wailesi, yemwe uja aphunzitsi ankati zolemba zake zimafuna magalasi awiri ndi pemphero. Ndasankha pepala chifukwa pa foni ndimalephera. Mukangoti "kunyumba kuli bwanji?" pakamwa pangapa pamayankha pokha kuti "kuli bwino kwambiri," kenaka ndimakuseketsani mpaka foni kutentha, inu n'kudula muli okondwa. Pepala siliseka, ndiye mwina lindigwira kuti ndinene zoona.

Ndiyambe ndi pempho ndisanasochere m'nkhani zanga. Ulendo wanu uja munati muusunthire chaka chamawa, chonde musausunthe. Bwerani chaka chino chomwe mudzaone Bambo. Mtima usathamange, sali chigonere ayi. Akudya bwino, akuyenda okha, ndipo akandigwira dzanja mafupa anga amalirabe. Koma sali monga munawasiyira, ndipo woyamba kundiuza zimenezi sanali dokotala kapena Amayi. Inali galimoto.

Mukuikumbukira galimoto yoyera ija Bambo anagula atapuma ntchito yoyendetsa malole. Masiku ano woyendetsa ndine, popeza maso awo anayamba kuchita nkhungu, koma mwini wake ndi iwo basi. Kiyi amagona pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, ndipo m'mawa uliwonse ndimakapempha ngati mwana wopempha shuga. Musamvere anthu ansanje, kuno kulibe dalaivala woposa ine. Ndikamalowa chambuyo pa geti yathu yopapatiza ija, anthu amatula mitolo pansi n'kumaonerera.

Tsiku lina mwezi wathawu, ndikupita ku ntchito ku sitolo ya zomangira kuja, ndinayang'ana pa galasi n'kupeza kuti kumbuyo kwanga kulibe msewu. Kunali utsi wa buluu wokhawokha. A njinga zamoto ankatulukira mu utsimo akutsokomola ndi kunditukwana. Udzudzu wa m'dera lathu lonse unasamuka tsiku limenelo, mpaka lero sunabwerere.

Nditafika ndinaimika kuseri kwa sitolo kumene timatsitsira simenti, ndinatsegula boneti n'kusolola kachitsulo kakatali koyezera oyilo kaja, kamene amakaniko amati dipisitiki. Kumapeto kwake kuli timizere tiwiri, ka pansi ndi ka pamwamba, ndipo oyilo amayenera kuthera pakati pake. Wanga anali atadutsa kamzere ka pamwamba n'kukwera utali wa chala, ndiponso anali ndi thovu. Ndinaitana anzanga onse a m'sitolo. Ndinati, "Bwerani muone munthu wodalitsidwa. Zanu zimamwa oyilo, yanga ikubereka. Posachedwapa ndisiya kunyamula simenti, ndizikama galimoto m'mawa ngati ng'ombe." Anaseka mpaka abwana anatuluka mu ofesi. Inenso ndinaseka, Achemwali. Ndinaseka kuposa onse.

Poyamba ndinaganiza kuti ndayeza molakwa, chifukwa kuseri kwa sitoloko n'kotsetsereka ndipo injini inali ikadali yotentha. Paja Bambo anatiphunzitsa tonse, ngakhale inu amene munkathawa kuopa kudetsa diresi. Galimoto iime pamalo olingana, injini izizire. Solola kachitsuloko, pukuta ndi nsanza, bwezera mpaka pansi, sololanso, pamenepo ndiye uwerenge. Ankati kusolola koyamba sikuwerengedwa. Ndinachita zonsezo madzulo pabwalo la kunyumba. Oyilo anali pamwamba pomwepo.

Ndiye ndinapita kukalimbana ndi a Mawa, makaniko wathu uja amene chilichonse amati "mawa chitheka." Galaja yawo sinasinthe: dzenje pakati, kalendala yakale yodetsedwa ndi zala pa khoma, ndi mpando wochotsedwa m'galimoto yakufa umene makasitomala amadikirirapo. Ndi iwo amene anasintha oyilo komaliza, choncho ndinalowa ndi mawu.

"A Mawa, ndinakuuzani kuti muimwetse, osati muisambitse."

Anatulutsa mutu m'dzenjemo. "Wailesi, tatsitsani voliyumu, kuno kuli odwala. Yatani?"

Atayeza anakanda m'mutu. Analumbira kuti iwo anathira mpaka pa mzere, ndipo anandionetsa pa nthawiyo. Ndinati sindikukumbuka, ngakhale ndinkakumbuka. Anamasula bawuti ya pansi pa injini, anakhetsera wochulukayo m'beseni, anatsuka mapulagi amene anali atanyowa, n'kundiuza kuti oyilo wochuluka amawononga injini chimodzimodzi ndi wochepa, chifukwa amachita thovu n'kuphulitsa zotsekera. Anandigwiritsa kachitsuloko m'manja. "Taonani bwino lero, mboni ndinu nomwe."

Sabata isanathe, utsi unabweranso.

Ulendo uno a Mawa sanaseke. Anati oyilo sadzichulukitsa yekha, pali china chake chikulowamo, kaya petulo kaya madzi a mu rediyeta. Ananunkhiza kachitsuloko nthawi yaitali ngati munthu wogula sopo. Fungo la petulo panalibe. Anatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini kufuna zoyererako zija zonga tiyi wamkaka, zimene zimaoneka madzi akasakanizikana ndi oyilo. Munalibe. Madzi a mu rediyeta anali pamalo pake. Anadonthezera oyilo pa katoni n'kukayang'anira padzuwa. Kenaka anayamba kunena zoti mwina titsegule injini yonse tione gasiketi. Koma anabwereranso pa katoni paja.

"Achimwene, oyilo amene ndinathira posintha uja wayenda mwezi wathunthu, amayenera kuti ayambe kuda. Taonani, ali mbee ngati uchi. Wayera kuposa tsiku lija ndinakhetsa. Uyu ndi watsopano. Alipo akuthira."

"Ndani angathire oyilo m'galimoto ya mwini wake?"

"Kaya. Ine akuba opopa ndimawadziwa. Wakuba wothira ndiye ndiyamba kumumva kwa inu."

Madzulo ake tikudya ndinaifotokoza nkhaniyi mokometsera, monga mukundidziwira. Ndinaloza mlamu wanu kuti mwina ndi iye, akufuna kundipha ndi utsi kuti atenge nsapato zanga zatsopano. Anati nsapato zakezo ngakhale wamisala sangazitole. Ana anaseka, Bambo nawo anaseka n'kunena kuti madalaivala a masiku ano sadziwa kusamala injini. Amayi okha ndi amene sanaseke. Anaimirira, anatola mbale anthu asanamalize kudya, n'kupita kukhitchini. Ndinaziona, koma ndinali wotanganidwa ndi kudzimvetsera ndekha.

Patapita masiku angapo ndinadzuka m'mamawa kuposa nthawi zonse, chifukwa kusitolo kunkabwera lole ya malata. Ndikutunga madzi osukusula kukhitchini, ndinamva chitsulo kugunda panja. Ndinasuzumira pa zenera. Boneti inali yotsegula, ndipo Bambo anali ataima pamenepo atavala malaya osita, atapisira bwino, nsapato zopolisha, nsanza ili pa phewa monga ankachitira kale popita ku malole. Chigubu cha oyilo chinali pambali pa tayala.

Anasolola kachitsulo kaja. Anakapukuta bwinobwino, kuyambira kumtunda mpaka kunsonga, modekha, monga anatiphunzitsira. Kenaka anakakweza m'mwamba n'kukayang'anitsitsa. Sanakabwezere, Achemwali. Anawerenga kachitsulo kamene anali atangokapukuta kumene. Anapukusa mutu, ndipo ndinawamva akuti, "Yauma." Anatsegula chivundikiro n'kuthira, osataya ngakhale dontho. Anatseka zonse, anapukuta manja, anapita pa mpopi kukasamba m'manja ndi sopo. Atachoka pa mpopipo anaima pakati pa bwalo, anayang'ana galimoto ngati aiona koyamba tsiku limenelo, anabwerera n'kutsegulanso boneti.

Pamenepo ndinatuluka. Ndinkafuna kunena nthabwala, inali kale pakamwa, koma inakana kutuluka.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Mukutani?"

Anandiyang'ana mwaukali. "Iwe, nthawi ino ndiye ukufika? Katundu wamanga? Tenti wakoka? Ndinawauza abwana kuti andipatse wothandiza wina, iwe ndiwe waulesi."

"Bambo, ndine. Mwana wanu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nsanza ili m'manja. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ukali ukuchoka, manyazi akulowa. Kenaka anaseka kaphwete kouma.

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Ukuyesa sindingadziwe mwana wanga? Ndimakuyesa chabe." Anaponya nsanza pa injini n'kulowa m'nyumba, kiyi atamusiya pa chitseko cha galimoto, zimene sanachitepo chibadwire changa.

Nditatembenuka ndinapeza Amayi ataima pa khomo la khitchini. Sanadikire kuti ndifunse.

"Usawakalipire," anatero.

"Amayi, munkadziwa?"

Anakhala pa sitepe, nanenso ndinakhala. Anati zinayamba kalekale, inu mutangobwerera ulendo watha uja. Poyamba zinali zazing'ono: magalasi m'chitini cha shuga, tiyi kumwa kawiri n'kumadandaula kuti sanapatsidwe. Kenaka anayamba kufunsa kuti amalume abwera liti, amalume omwe aja tinaika m'manda inu mukadali kuno. Amayi ankabisa zonsezi. Bambo akasokoneza dzina la mdzukulu, Amayi ankalowetsapo chifuwa kapena kutuma mwanayo kukatunga madzi. Ine ndimakhala nawo nyumba imodzi, ine amene ndimati ndimamva injini ikadwala ndili mtunda wautali, sindinaone kanthu.

Ndinati, "Nanga oyiloyu akumutenga kuti?"

"Ndimawagulira ndine. Ndinkayesa oyilo ali ngati mafuta odzola, kuti akachuluka sipalakwika. Mwana wanga, akathira m'mawa, tsiku lonse amakhala munthu. Amadya, amacheza, amandiitana dzina langa. Akapanda kuthira amangozungulira m'nyumba kufunafuna chinthu chimene sakuchidziwa."

Ndinafunsa chifukwa chake sanatiuze. Anati, "Ndikanena pakamwa ndiye kuti zachitikadi."

Apa ndiye nzeru zanga zotchuka zija zinagwira ntchito. Ndinati vuto ndi oyilo, tichotse oyilo. Ndinatenga chigubu chija n'kukachisiya kusitolo, pamwamba pa shelefu ya penti. Ndinauza Amayi kuti nkhani yatha, Bambo aiwala okha. M'mawa mwake ndinapita ku ntchito wapansi, galimoto ndinaisiya kuti ikakhetsedwe Loweruka.

Dzuwa litakwera mlamu wanu anaimba foni akulira. Bambo anafunafuna chigubu m'nyumba monse, mpaka pansi pa mabedi. Amayi atalowa kubafa, iwo anatuluka pa geti. Woyandikana nafe anawamva akuti akupita pomwetsera mafuta kukagula oyilo, pakona pomwe paja, pamene ayendapo zaka zonsezi. Sanafikepo.

Achemwali, ndinathamanga tsiku limenelo. Apa sindikukokomeza, ndipo mukudziwa kuti kwa ine kusakokomeza ndi ntchito. Ndinalowa msewu uliwonse, ndinafunsa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ometa, osoka nsapato. Ndikamafotokoza ndinkati, "Mdala wamtali, wa malaya oyera, waukhondo," ndipo aliyense ankafunsa kuti, "Ndi wozungulira mutu?" Ndinkayankha kuti ayi, mokalipa, mpaka ndinasiya kuyankha.

Anawapeza ndi a Mawa, chakumadzulo, akuchokera kogula zitsulo. Bambo anali atakhala pa benchi pamalo odikirira basi, kutali kwambiri, mbali ya kumene kunali depoti ya malole kale. Nsanza ija inali pa bondo, ataipinda bwino. A Mawa akuti atawapatsa moni, Bambo anayankha mwaulemu n'kunena kuti, "Pepani bambo, kodi mungandiuze kumene ndimakhala? Ndatuluka pang'ono, ndiye nyumba aisuntha." A Mawa anafika nawo pa geti atawagwira dzanja. Munthu uja sasowa chonena, koma tsiku limenelo anangondipatsa dzanja la Bambo n'kubwerera.

Tinapita nawo kuchipatala. Dokotala anawafunsa tsiku, mwezi, zimene adya m'mawa. Bambo anayankha zina, zina anaseka n'kunena kuti mafunso a ana a sukulu. Atafunsidwa za malole ndiye anafotokoza magiya onse mpaka dokotala anaiwala kulemba. Pambuyo pake dokotalayo anatiitanira pambali ine ndi Amayi. Anati ndi matenda a kuiwala amene amagwira ena akakula, ndipo sabwerera m'mbuyo. Mankhwala alipo ongochedwetsa. Anati zakale zidzakhalitsa, zatsopano ndi zimene zikuyamba kuchoka, ndipo nkhope za anthu nazo zidzachoka, sangadziwe kuti liti. Anafunsa ngati pali ana ena. Ndinati alipo mmodzi, ali kutali. Anati, "Muuzeni."

Papita masabata ndithu chinenereni mawu amenewo. Mwaimba kangapo, ndipo munamva nokha zimene ndinakuuzani: za mbuzi ya oyandikana nafe, za abwana anga ndi wigi ya akazi awo.

Chigubu ndinachibweza. Tsopano ndimadzuka m'mamawa tsiku lililonse, ine amene Amayi ankachita kundithira madzi kuti ndipite kusukulu. Ndikamva chitseko cha Bambo ndimatuluka, n'kukaima pambali pa boneti manja kumbuyo. Masiku ena ndimakhala mwana wawo, masiku ena ndimakhala wothandiza waulesi uja, ndipo ndimavomera zonse. Akasolola n'kupukuta, asanakweze m'mwamba, ndimati, "Bwana dalaivala, tabwezeraninso tione, ine maso angawa sindiwakhulupirira." Akabwezera n'kusololanso amaona oyilo ali pa mzere. Amamwetulira, amamenya galimoto pa phewa n'kunena kuti, "Yakhuta." Tikatero tapulumuka tsiku limenelo.

Koma si masiku onse. Nthawi zina amakwiya. "Iwe ungandiphunzitse ine? Ndinayamba kuyendetsa iwe usanabadwe, ngakhale bambo ako sankadziwa kuti udzabadwa." Pamenepo ndimangowagwirira chivundikiro, iwo n'kuthira. Akalowa m'nyumba ndimayala katoni, ndimalowa pansi pa galimoto ndi sipanala ndi beseni, n'kukhetsa amene athirayo. A Mawa anandiphunzitsa kamasulidwe kake, ndipo kunena zoona tsopano ndimawaposa. Ndimakhetsa osadetsa ngakhale kolala. Kungoti nthawi zina ndimachedwa kutuluka pansipo, chifukwa ndi malo okhawo pa nyumba pano pamene munthu sangandione nkhope.

Mwina mukufunsa ngati inu akukukumbukirani. Akukukumbukirani kwambiri, kuposa ine amene ndimawagwirira chivundikiro, ndipo nsanje ndili nayo, ndisaname. Koma amene akumukumbukira ndi mtsikana wa yunifolomu. Dzana ndinawafunsa kuti, "Bwana dalaivala, galimotoyi tikuikonzera ulendo wa kuti tsiku ndi tsiku?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati, "Sukulu akutsekera Lachisanu. Mwana wanga wamkazi ali ku sukulu yogonera komweko, ndikukamutenga. Ukufuna injini ikafere panjira mwana akudikira ndi sutikesi?" Ndinawaonetsa chithunzi chanu chija munatumiza, muli ndi ana anu. Anachiyang'ana, anati, "Mayi ameneyu akufanana ndi mwana wanga." Kenaka anachiyandikitsa kumaso n'kunena kuti, "Ndi iyeyu. Wakula liti?" Tsiku limenelo anakupezani. Sindikudziwa kuti adzakupezani kangati.

Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, tchuthi n'chovuta kupempha, ndiponso ana ali pa sukulu. Sindikukuimbani mlandu, inetu ndi amene ndinkakuuzani kuti kuli bwino kwambiri. Musavutike ndi zotibweretsera. Nsapato zija ndinkakuvutitsani nazo zisiyeni, ndili nazo zokwanira kutsegula sitolo. Mukafika ndidzakuchingamirani ndi galimoto yomweyi, Bambo atakhala kutsogolo, ndipo ndikulonjeza kuti utsi sudzakhalapo.

Amayi akupereka moni. Sakudziwa kuti ndalemba zonsezi, ndiye mukaimba musawakalipire, atopa kale. Mlamu wanu akuti moni, ndipo akuti chipinda chanu achotsamo matayala anga. Ana akupereka moni kwa azakhali awo ndi kwa asuweni awo. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mpikisano wathu wa kudya uja sindinauiwale. A Mawa nawo akuti moni, akuti adzabwera kudzakuonani mawa.

Bambo ali pakhonde pano pamene ndikulemba. Ndawauza kuti ndikulembera inu, ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Aganiza kaye, kenaka anena, ndipo ndikulemba monga anenera: "Umuuze adikire pa geti, asakwere ya munthu wina. Ndikubwera kudzamutenga ndine."

Ndawayankha kuti ndikuuzani, ndipo ndakuuzani. Iwo sangathe kufika kumeneko, Achemwali. Bwerani ndinu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Wailesi